Kamera zofufuzira radiyeshoni: mafunso ndi mayankho kwa anthu a ku Salima

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwera mobwerezabwereza nkhani ya radiyeshoni ikayambika kuno ku Salima, kaya ndi pakati pa ophunzira sayansi a ku sekondale, ogula zitsulo zakutha, ogwira ntchito yomanga misewu kapena azaumoyo. Ndawasanja kuyambira pa osavuta. Ngati mwafika pano chifukwa mwatola chinthu chimene chikukukayikitsani, pitani msanga pa funso lakuti "Ndikapeza chinthu chokayikitsa ndichite chiyani?" ndipo zinazo mudzawerenga pambuyo.

Kodi cheza cha gamma n'chiyani?

Ndi mtundu umodzi wa radiyeshoni, kuwala kumene maso saona, khungu silimva ndipo mphuno sinunkhiza. Kumachokera mkati mwenimweni mwa maatomu osakhazikika, monga a caesium-137, cobalt-60 ndi radium-226, pamene maatomuwo akusandulika. Mphamvu yake ndi yaikulu kwambiri kuposa ya kuwala kwa dzuwa, moti kumapyola zovala, matabwa, malata ndi thupi la munthu, ndipo kukachuluka kumawononga maselo. Woyamba kuchizindikira anali Paul Villard wa ku France mu 1900, ndipo dzina lakuti gamma analipereka Ernest Rutherford mu 1903.

Radiyeshoni yochepa ili paliponse, m'nthaka, m'miyala, m'njerwa ngakhale m'zakudya. Pa avereji munthu padziko lapansi amalandira mamilisiveti (muyeso wa radiyeshoni imene thupi lalandira) pafupifupi 2.4 pa chaka kuchokera ku chilengedwe, ndipo imeneyi si nkhani yodetsa nkhawa. Nkhani yathu ndi ya tizinthu topangidwa ndi anthu, timene timatulutsa radiyeshoni yambiri pa malo amodzi.

Nanga kamera ya gamma ndiye chiyani?

Ndi chipangizo chonyamulika, chachikulu ngati wailesi ya m'nyumba, chimene chili ndi maso awiri. Diso lina ndi kamera wamba yojambula malo monga mmene akuonekera, ndipo lina ndi kristalo womva cheza cha gamma. Kakompyuta ka mkati kamasanjikiza zithunzi ziwirizo, kotero kuti wogwiritsa ntchito amaona pa sikirini mulu wa zitsulo kapena chipinda, ndipo pamene pakuchokera radiyeshoni pamaoneka banga la mtundu wowala. Mitunduyo amachita kupaka ndi kompyuta. Cheza chenichenicho chilibe mtundu.

Kamera zambiri zamakono zimalemera makilogalamu awiri mpaka asanu ndipo zimayendera batire kwa maola angapo. Kawirikawiri amaziimika pa miyendo itatu, wogwiritsa ntchitoyo n'kuima chapatali ndi tabuleti m'manja.

Ikusiyana bwanji ndi chipangizo cha Geiger chimene chimalira?

Aliyense amene anasakako nkhululu usiku akudziwa kusiyanaku. Munthu amamva kulira kwake, koma kuti apeze una amayenda pang'onopang'ono, kumvetsera ngati phokoso likukula kapena likuchepa, mpaka atafika pamwamba pake penipeni. Chipangizo cha Geiger ndi mita zina zoyezera radiyeshoni zimagwira ntchito ngati khutu limenelo. Zimanena kuchuluka kwa radiyeshoni pamalo pamene mwaima, koma sizinena mbali imene ikuchokera, choncho wofufuzayo amayenera kuyandikira, ndipo kuyandikirako ndiye ngozi yake.

Kamera ya gamma ndi diso. Imaloza mbali munthu ali patali, ndipo phindu lake lonse lagona pamenepa, chifukwa radiyeshoni imatsika msanga munthu akamatalikira. Mukachoka pa mita imodzi n'kufika pa mamita awiri imatsala gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo pa mamita 10 imatsala gawo limodzi mwa magawo 100. Katswiri amene waona kuchokera pa mamita 10 kuti chinthucho chili pansi pa chitseko chakale cha galimoto kumanzere kwa mulu amatha kukonzekera bwino, kubweretsa zopanira zazitali ndi chotengera cha mtovu, n'kukhala pafupi ndi chinthucho masekondi ochepa okha m'malo mofukula mulu wonse kwa ola lathunthu.

Izi sizikutanthauza kuti kamera yalowa m'malo mwa mita. Wonyamula kamera amanyamulanso mita ndi kachipangizo kowerenga radiyeshoni imene thupi lake lalandira, chifukwa kamera imachedwa kuyankha pamene mita imachenjeza nthawi yomweyo.

Kodi kamerayi imatulutsa radiyeshoni ngati makina a X-ray a kuchipatala?

Ayi. Imangolandira cheza chimene chilipo kale ndipo situlutsa kanthu, choncho munthu wojambulidwa nayo sapwetekedwa. Makina a X-ray amapanga cheza chawo pogwiritsa ntchito magetsi, ndipo akazimitsidwa chezacho chimatha. Caesium kapena cobalt alibe pozimitsira. Amatulutsa cheza usana ndi usiku mpaka mphamvu yake itatha yokha.

Ilipo kamera ina ya gamma ya m'zipatala zikuluzikulu, imene Hal Anger wa ku America anapanga kumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Imeneyo imajambula mankhwala a radiyeshoni, monga technetium-99m, amene wodwala wabayidwa, ndipo ndi yolemera kwambiri moti sichoka m'chipinda chake. Ndiyo kholo la kamera zonyamulikazi, koma ntchito zake n'zosiyana.

Kuno kulibe malo a nyukiliya. Zinthu zotulutsa radiyeshoni zingachokere kuti?

Funso ili ndilo limafunsidwa kwambiri, ndipo yankho lake limadabwitsa ambiri. Tizinthu timeneti timagwira ntchito za tsiku ndi tsiku. Pomanga msewu, akatswiri amayeza kutsendereka kwa dothi ndi makina ooneka ngati kabokosi kokhala ndi ndodo yolowa pansi, ndipo ambiri mwa makina otere amakhala ndi caesium-137 pamodzi ndi americium-241 yosakaniza ndi beryllium. Mafakitale ndi migodi m'mayiko ambiri amagwiritsa ntchito caesium poyeza kudzaza kwa matanki ndi kukhuthala kwa zoyenda m'mapaipi. Ounika malo owotcherera mapaipi amagwiritsa ntchito iridium-192, imene ndi yamphamvu koopsa. Zipatala zochiza khansa zimagwiritsa ntchito cobalt-60 kapena iridium. Palinso zitsulo zakale zotchingira mphezi zimene ena ankaziika radium kapena americium.

Zonsezi n'zotetezeka zikakhala m'zotengera zake ndiponso m'manja mwa eni ake odziwa ntchito. Vuto limayamba makina akabedwa, akagwa m'galimoto, kapena kampani ikatseka n'kusiya katundu wosalembedwa paliponse. Salima ili pa mphambano: msewu wa M5 wa m'mbali mwa nyanja, msewu wochokera ku Lilongwe, njanji ndiponso doko la Chipoka. Kumene kumadutsa katundu ndi makina omangira, zitsulo zakutha zimadutsanso, ndipo amene amazitola ndi kuziphwanya ndi anyamata amene sanauzidwepo zimenezi.

Kodi zinachitikapo kuti chinthu chotere chasochera n'kupweteka anthu?

Inde, kangapo. Nkhani yodziwika kwambiri ndi ya mu mzinda wa Goiânia ku Brazil mu Seputembala 1987. Amuna awiri anatenga mutu wa makina ochizira khansa m'chipatala chosiyidwa, n'kuugulitsa kwa wogula zitsulo zakutha. Mkati mwake munali ufa wa caesium-137 umene unkawala mwa mtundu wa buluu mumdima, ndipo mwini maloyo anaugawira abale ndi anzake poganiza kuti ndi chinthu chamtengo wapatali. Anthu anayamba kusanza ndi kutuluka zilonda, koma poyamba ankaganiza kuti adya zoipa. Patatha masabata awiri mkazi wa wogula zitsuloyo ndiye anakayikira, n'kunyamula chinthucho pa basi kupita nacho kwa azaumoyo. Anthu anayi anamwalira, kuphatikizapo mtsikana wa zaka 6. Anthu pafupifupi 112,000 anapimidwa, 249 anapezeka ataipitsidwa ndi ufawo, ndipo nyumba zingapo zinagwetsedwa. Zofanana nazo zinachitika ku Samut Prakan m'dziko la Thailand mu 2000, kumene anthu atatu anafa ndi cobalt-60, ndiponso ku Mayapuri mu mzinda wa Delhi mu 2010. Ndikamawerenga nkhanizi chimandikhudza n'chakuti ponseponse ovulala anali anthu ofunafuna ndiwo za tsiku limenelo, osati akatswiri.

Ku Western Australia mu Januwale 2023 kachitsulo ka caesium-137 kotalika mamilimita 8, kakang'ono ngati njere ya chimanga, kanagwa m'galimoto pa msewu wa makilomita 1,400, mtunda woposa wochokera ku Chitipa kukafika ku Nsanje. Kanapezeka pa 1 Febuluwale ndi zipangizo zomva gamma zimene anaziika m'galimoto yoyenda pa liwiro la makilomita 70 pa ola, ndipo kanapezeka m'mphepete mwa msewu kutali ndi midzi.

Popeza chezachi chimapyola zinthu, kamera imadziwa bwanji mbali imene chachokera?

Apa m'pamene pali nzeru yonse. Galasi la kamera wamba limapinda kuwala n'kukusonkhanitsa, koma cheza cha gamma chimangopyola galasi osapindika. Motero akatswiri anapeza njira zitatu.

Yoyamba ndi ya kabowo. Mukakhala m'nyumba ya malata masana, bowo la msomali limaponya kadontho ka dzuwa pansi, ndipo mukalumikiza kadonthoko ndi bowolo mumadziwa pamene dzuwa lili. Kamera ya mtundu uwu imakutidwa ndi mtovu kapena chitsulo cholemera cha tungsten ponseponse, kusiya kabowo kamodzi kutsogolo. Njirayi ndi yosavuta kumva, koma kamera yake imalemera, ndipo kabowo kamodzi kamalowetsa cheza chochepa, choncho chithunzi chimachedwa.

Yachiwiri ndi ya chotchinga cha mabowo ambiri. Kutsogolo kwa kristalo amaikako kachitsulo ka tungsten kobooledwa ngati sefa, koma mabowo ake amasanjidwa mwa masamu. Cheza chikadutsa chimasiya mthunzi wa sefayo pa kristalo, ndipo mthunziwo umasendera kumanzere kapena kumanja malinga ndi kumene chezacho chachokera. Kompyuta imaona mmene mthunzi wasendera n'kubwezera chithunzi. Popeza pafupifupi theka la chotchingacho ndi lotseguka, cheza chimalowa chambiri kuposa pa kabowo kamodzi. Kamera ya iPIX, yochokera ku kafukufuku wa ku France, ndi ya mtundu umenewu.

Yachitatu ndi ya Compton, yotchedwa dzina la Arthur Compton amene mu 1923 anafotokoza mmene cheza chimapatukira chikagunda elekitironi. Ganizani za mpira wa pool umene wagunda unzake n'kupatuka: wodziwa masewerawo akaona kumene wapita ndi liwiro limene wataya amatha kuyerekeza kumene unachokera. Mu kamerayi cheza chimagunda pamalo ena mu kristalo, n'kupatuka, n'kukathera pamalo ena. Chipangizocho chimalemba malo awiriwo ndi mphamvu imene yatsala pa malo aliwonse. Kugunda kumodzi sikuloza malo enieni, kumangojambula mkombero umene gwerolo lili penapake pa mzere wake, koma mikombero mazanamazana ikasanjikizana yonse imadutsana pa malo amodzi, ndipo pamenepo ndi pamene pali chinthucho. Kamera za kampani ya H3D, zochokera ku University of Michigan, zimagwira ntchito motere, ndipo ku Japan anapanga zina za mtundu umenewu pambuyo pa ngozi ya pamalo opangira magetsi a nyukiliya ku Fukushima ya mu Malichi 2011.

Pa mitundu itatuyi, wabwino kwambiri ndi uti?

Zimadalira chimene chikufunidwa. Ya chotchinga imajambula molunjika bwino, mpaka madigiri ochepa chabe, ndipo imachita bwino pa cheza chofooka monga cha americium, koma imaona kutsogolo kokha, ndipo cheza champhamvu cha cobalt-60 chimapyolako chotchingacho n'kusokoneza chithunzi. Ya Compton imaona mbali zonse nthawi imodzi ndipo imachita bwino pa caesium ndi cobalt, koma banga lake limakhala lalikulu. Banga la madigiri 20 pa mtunda wa mamita 10 limaphimba malo a mamita atatu ndi theka, pamene la madigiri atatu limaphimba theka la mita. Ndiye chifukwa chake kamera zina zimaphatikiza njira ziwirizi. Kwa ine, posaka chinthu chosadziwika kumene chili, monga pabwalo la zitsulo zakutha, kuona mbali zonse kumaposa kulunjika kwa chithunzi.

Kodi imatha kunena kuti chinthucho ndi cha mtundu wanji?

Zambiri zimatha. Atomu iliyonse imatulutsa cheza cha mphamvu yakeyake, yoyezedwa mu keV, monga mmene munthu amadziwikira ndi mawu. Americium-241 imatulutsa pa 60, caesium-137 pa 662, ndipo cobalt-60 pa 1,173 ndi 1,332. Kristalo wa cadmium zinc telluride, amene amamutchula mwachidule kuti CZT, amasiyanitsa bwino manambalawa popanda kuziziritsidwa. Wa germanium amaposa pamenepo, koma amafunika kuzizira kupitirira madigiri 150 pansi pa ziro, choncho kamera yake imalemera ndipo imatenga maola isanayambe ntchito.

Kudziwa mtundu kumathandiza kudziwa kuti vutolo likhala mpaka liti. Mphamvu ya iridium-192 imatsika ndi theka pa masiku 74 aliwonse, ya cobalt-60 pa zaka zisanu ndi miyezi itatu, ya caesium-137 pa zaka 30, ndipo ya radium-226 pa zaka 1,600.

Imaona mtunda wautali bwanji? Nanga chinthu chikakhala pansi pa nthaka kapena m'nyanja?

Palibe nambala imodzi. Chinthu champhamvu chopanda chotengera chimaoneka pa mamita makumi angapo m'masekondi ochepa, pamene chofooka chingafune mphindi zambiri kapena ola kamera ili pafupi. Chilichonse chokhala pakati chimachepetsa cheza: pa caesium-137, mtovu wokhuthala mamilimita 6 kapena 7 umachepetsa theka, ndipo konkire ya masentimita pafupifupi asanu imachitanso chimodzimodzi. Dothi ndi madzi zimatchinganso kwambiri, moti chinthu choponyedwa m'nyanja kapena m'chimbudzi chokumba chimavuta kuchipeza ngakhale ndi kamera yabwino, pamene kuopsa kwake kukadalipo.

Kamera siuza mtunda kuchokera pa malo amodzi. Mukaima pa gombe la Senga Bay usiku n'kumaona nyali za asodzi a usipa, mumadziwa mbali imene nyali ili, koma nyali yowala kwambiri ya kutali ndi yofooka ya pafupi zimaoneka zofanana. Katswiri amajambula ali pa malo awiri kapena atatu osiyana, ndipo pamene mizere yakumana ndi pamene pali chinthucho.

Pali radiyeshoni imene kamerayi siiona?

Ilipo. Siiona mitundu ina ya radiyeshoni yotchedwa alpha, beta ndi manyutironi, pokhapokha itawonjezeredwa chipangizo china. Strontium-90 imatulutsa beta, ndipo polonium-210 imatulutsa pafupifupi alpha yekha; zonsezi n'zoopsa koma sizioneka bwino pa kamera ya gamma. Chithunzi chopanda banga si umboni wakuti malo ali bwino.

Mchenga wakuda wa m'mbali mwa nyanja amati uli ndi radiyeshoni. Kamera ingauone?

Mchenga wolemera wa ku Chipoka ndi magombe ena a m'boma lino uli ndi miyala ya ilmenite, zircon ndi monazite, ndipo monazite amakhala ndi thorium, imene imatulutsa radiyeshoni yachilengedwe. Mita yabwino ingaonetse nambala yokwererako pamene mchengawo waunjikana. Koma kamera ya gamma inapangidwira chinthu chimodzi chowala pakati pa mdima, osati kuwala kofooka komwazika gombe lonse. Pa ntchito yotere amagwiritsa ntchito zipangizo zikuluzikulu zoyezera mphamvu ya cheza, monga zimene zinali mu ndege ya kafukufuku wa Kauniuni, amene zotsatira zake zinatulutsidwa mu 2015 ndipo zinaonetsa kumene kuli potassium, yureniyamu ndi thorium m'dziko muno.

Kodi foni yanga singagwire ntchito imeneyi?

Kamera ya foni ikaphimbidwa ndi tepi yakuda imatha kumva cheza chochuluka, ndipo alipo mapulogalamu otero. Komabe siloza mbali, sidziwa mtundu, ndipo imasokonezeka foni ikatentha. Musaike moyo wanu pa pulogalamu yotere.

Ndani ayenera kukhala ndi kamera imeneyi?

Mtengo wa kamera imodzi ndi madola masauzande makumi angapo, ndipo imafuna munthu wophunzitsidwa, kuyesedwa kawirikawiri ndi kutetezedwa ku fumbi ndi kutentha kwa mwezi wa Okutobala kuno ku nyanja. Ndi chipangizo cha gulu la akatswiri oitanidwa pakagwa vuto. Malawi analowa m'bungwe la International Atomic Energy Agency mu 2006, ndipo lamulo la Atomic Energy Act la mu 2011 linakhazikitsa bungwe la Atomic Energy Regulatory Authority, limene limapereka ziphaso kwa oitanitsa, osunga ndi onyamula zinthu zotulutsa radiyeshoni. Kukhala ndi chinthu chotere popanda chilolezo n'kulakwira lamulo.

Maganizo anga ndi akuti pa boma ngati lathu chofunika choyamba si kamera. Mita yaing'ono yotsika mtengo pamalo ogulira zitsulo, ndi chithunzi cha chizindikiro cha radiyeshoni chopachikidwa pafupi ndi sikelo, zingapulumutse anthu ambiri, chifukwa kamera imabwera pokhapokha wina atazindikira kuti pali vuto n'kuitana.

Ndikapeza chinthu chokayikitsa ndichite chiyani?

Zizindikiro zake ndi izi: chitsulo cholemera mopitirira kukula kwake, chokhala ndi chithunzi cha masamba atatu akuda kapena ofiirira pa chikasu, kapenanso chithunzi chofiira cha ngodya zitatu chokhala ndi chigaza ndi munthu wothawa, chimene chinayamba kugwiritsidwa ntchito mu 2007. Musachigwire, musachitsegule ndipo musachiike m'thumba. Chokanipo msanga, letsani ana ndi anthu ena kuyandikira, ndipo dziwitsani apolisi ndi achipatala kuti aitane bungwe la Atomic Energy Regulatory Authority. Musachikwirire kapena kuchiponya m'madzi, chifukwa chimavuta kuchipezanso pamene kuopsa kwake kukadalipo. Musamvere mphekesera zakuti m'zitini zolemera chotere mumakhala chuma. Kulemerako ndi mtovu umene ukukutetezani.

Ngati wina anachigwira kale, lembani dzina lake, tsiku ndi kutalika kwa nthawi imene anakhala nacho. Kusanza patangopita maola ochepa, kapena zilonda zonga zamoto zotuluka patapita masiku kapena masabata munthu asanapse ndi moto, ndi zifukwa zothamangira kuchipatala, ndipo muwauze adokotala za chitsulocho, chifukwa popanda kuuzidwa n'kosavuta kuganizira matenda ena.

Kodi chithunzi cha kamerayi chinganame?

Chingasocheretse wosadziwa kuchiwerenga. Cheza chimagunda khoma kapena pansi n'kupatuka, motero banga lofooka lingaoneke pamene palibe kanthu. Katswiri amapewa izi posankha kuti kamera ijambule cheza cha mphamvu yeniyeni ya chinthucho, monga 662 pa caesium, chifukwa chopatuka chimakhala chitataya mphamvu. Pa kamera ya chotchinga, chinthu champhamvu chimene chili kunja kwa malo ojambulidwa chimatha kuponya banga labodza mkati mwa chithunzi, ndipo pofuna kutsimikiza amatembenuza chotchingacho kapena kusuntha kamera n'kujambulanso. Pafupi kwambiri, diso la gamma ndi diso wamba siziona kuchokera pa malo amodzi, choncho banga lingasendere pambali pang'ono ngati mtunda sunalembedwe molondola.

Choopsa kuposa zonse n'chakuti chinthu champhamvu chimabisa chofooka, monga nyali ya galimoto imabisira tochi ya woyenda pansi pambali pake. Kompyuta imapaka mtundu wowala pamalo amphamvu kwambiri, ndipo ena onse amazilala. Pa chifukwa chimenechi, chinthu choyamba chikachotsedwa n'kutsekeredwa m'chotengera chake, malowo amajambulidwanso kuyambira pachiyambi, kenako amayendedwa ndi mita ya m'manja, ndipo anthu amaloledwa kubwerera pokhapokha nambala itatsikira pa mlingo wachilengedwe wa deralo.